Chingwe Chakuda cha Bokosi la Mankhwala

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinayamba kuopa kanyali kakang'ono kuposa ng'ona. Bambo anga ankadwala shuga, ndipo mankhwala awo obaya sankafuna kutentha. Kwathu ku Chiwanga tinalibe firiji, choncho azakhali anga a Rosa, amene ankakonza mafoni ku Metangula, anatipangira bokosi lozizira loyendera sola. M'kati mwake munali kabolodi ka kompyuta kokwana m'chikhatho, kamene iwo ankakatchula kuti pulaka. Ntchito yake inali kuyeza kutentha ndi kuyatsa choziziritsa. Anandiphunzitsa kukasamala, n'kundisiyira laputopu yawo yakale.

Tsiku lina masana, dzuwa la Okutobala likuwamba usipa pathandala, ndinamva bokosi likulira tcha, tcha. Kanyali ka pulaka kankayaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Nditapisamo dzanja, munali mofunda. Mantha anandigwira, chifukwa ndinali nditawaonapo bambo atagona pamkeka osatizindikira, ndipo mankhwala ena akanabwera mwezi ukatha.

Ndinaganiza kuti pulogalamu yasokonekera. Ndinasolola chingwe kubatire n'kuchiika kulaputopu kuti ndiilowetsenso, koma kompyuta sinaone chilichonse. Ndinayesa kangapo, koma osatheka. Amayi ananyowetsa chitenje n'kukulunga mabotolo a mankhwala, milomo ikuyenda ndi pemphero.

Ndinathamangira pathanthwe pamene foni inkagwira netiweki, n'kuimbira azakhali ndikulira.

"Titiya, pulaka yapenga."

"Pukuta misozi, mwanangu. Usananene kuti yapenga, waifunsa ngati yadya?"

Anandiuza ndikaone chingwe cholowetsa moto. Chimene iwo anaikapo chinali chakuda, chonenepa, chomangidwa tepi yofiira. Ine ndinapeza choyera, choonda ngati ulusi wa ukonde, ndipo m'mantha anga ndinali nditachigwira kangapo osazindikira. Amayi anakumbukira kuti a Saide, msodzi woyandikana nafe, anabwera m'mawa kudzatchaja foni pabatire yathu monga mudzi wonse unkachitira. Ataona kuti chakuda chikudzaza msanga, anachitenga n'kubwezerapo chawo. Kwathu chingwe chimabwerekedwa ngati chikwanje, mwiniwake umamuuza pobweza.

A Saide ndinawapeza kugombe akukoka bwato, chingwe chili m'thumba la malaya. Anadabwa kuti ndikulirira chiyani, poti zingwe n'zimodzimodzi. Nditachibwezera pamalo pake, kanyali kanayaka n'kukhazikika, choziziritsa chinayamba kung'ung'udza. Ndinakhala pansi pomwepo, dzanja lili m'bokosi, mpaka zala zinazizira. Mankhwala anapulumuka.

Azakhali anandifotokozera pambuyo pake kuti chingwe choondacho chinkapereka moto wochepa. Pulaka ikati iyatse choziziritsa, mphamvu inkagwa, iyo n'kuzima n'kuyambiranso. Chinalibenso mawaya otumizira pulogalamu, n'chifukwa chake laputopu sinaione.

Lero ndimakonza zinthu zoterezi ku Lichinga, ndipo sinditsegula kompyuta ndisanayeze moto. Koma phunzirolo ndinalimvetsa kwenikweni patatha chaka chichitikireni za bokosizo, pamaliro ena ku Nkholongue. Bambo anga anali atabaya mankhwala m'mawa n'kuyenda ulendo wonse osadya. Mwadzidzidzi anayamba kutukwana anthu, thukuta lili kamukamu. Ena ankanong'ona kuti aledzera, ena kuti mutu wasokonekera. Ine ndinakumbukira funso la azakhali lija, ndinadziwa kuti shuga wawo watsika, ndipo ndinathamangira kukhitchini kukapempha shuga ndi madzi.