Ndinkasaka Akuba Ng'ombe, Ndinapasula Ukwati wa Mwana Wanga

Ndine msilikali wopuma ntchito, ndipo ndi manja angawa ndinapasula ukwati wa mwana wanga wamkazi. Inu owerenga, imvani kumene mabuku ena anandifikitsa, munthu wamkulu ndi ndevu zanga.

Nditapuma usilikali ndinakhazikika ku Bundabunda ndi mayi a kunyumba. Khasu silinkandikoma. Ndinayamba kugula mabuku akale a m'mbali mwa msewu ku Lusaka, aja onena za msilikali wopuma amene amathetsa yekha gulu lonse la zigawenga, apolisi akungoyang'ana. Ndinkawawerenga mpaka chikuto kuthothoka. Pamsika wa Chongwe anayamba kunditchula ba Komanda, ine n'kumatukumuka, osadziwa kuti akundiseka.

Chaka chimenecho gulu la akuba ng'ombe linavuta kwathu. Ankazidutsitsa m'tinjira ta kutchire n'kukazikweza m'malole. Ndinalumbira kuti ndithana nawo ndekha ngati wa m'buku uja, amene safunsa munthu, amangomenya.

Nthawi yomweyo mwana wanga Esinati anapeza mwamuna wa ku Chalimbana, wa banja lachingoni. Iwowo malowolo amapereka ng'ombe zamoyo, ndipo amaziperekeza ndi akuluakulu, mkamwini satsagana nawo. Zokambirana zonse ndinasiyira ankhoswe, poti ine ndinali pankhondo. Mkazi wanga atandiuza kuti alendo afika Loweruka, ndinangoti eya, maso ali m'buku.

Lachisanu masana, nditabisala pachulu, ndinaona amuna atatu achilendo akukusa ng'ombe zinayi m'kanjira ka kutchire. Mtima unati phwii, ndawapeza! Ndinatuluka ndi mpini wa nkhwangwa. Wamkulu wawo, wa imvi, anavula chipewa nati, "Zikomo atate, tifunsako njira..." Sanamalize. Ndinawakong'ontha m'chiuno, anagwa pomwepo, ng'ombe n'kubalalika.

Mmodzi wa anzawo anakuwa, "Mayo! Mwawapha! Ise tifuna kwa atate ake a Esinati!"

Abale, ndinali nditalakwitsa. Amene ndinawamenyawo anali bambo ake a mkamwini wanga. Ananyamuka msanga kuti ng'ombe zikagone kwa mbale wawo pafupi nafe, ndipo msewu waukulu anaupewa poopa magalimoto. Akanamaliza chiganizo chija, akanatchula dzina langa.

Chiuno chawo chinasweka, mpaka lero amayendera ndodo ziwiri. Mlandu wa kupolisi anauchotsa okha, koma ng'ombe anabwerera nazo, ati sangatenge mkazi m'nyumba ya chilombo. Anthu aja ankandikweza kuti ba Komanda ndi omwe anayamba kundiloza ndi milomo. Akuba enieniwo anagwidwa pambuyo pake ndi anthu a m'mudzi mothandizana ndi apolisi, ine ndili gwaa pakhonde.

Chimandiwawa n'chakuti msilikali wa m'buku saphonya, chifukwa wolembayo amakhala atamuuziratu kuti woipa ndi uti. Ineyo anandiuza ndani? Anadziwa akuluakulu kuti safunsa adadya phula.

Inu owerenga, makamaka azibambo anzanga opuma ntchito, buku werengani, mukatha mulitseke. Mukaona zokayikitsa itanani anzanu, uzani apolisi, ndipo munthu akavula chipewa musiyeni amalize kulankhula.

Mabuku aja ndinasonkhezera moto, koma Esinati, amene anachoka pakhomo ukwati utapasuka, sanabwerere. Ali ku Lusaka, sanakwatiwe. Amaimba pafoni ya amayi ake, ndipo ndikayankha ine amangoti, "Nipaseni amai."