Phazi Langa pa Msana wa Adada

"Mukufuna mwanayu akuthyoleni pakati ngati nzimbe?" anatero amama ataima pakhomo la pabalaza. "Kuchipatala anakuuzani chiyani dzulo?"

Adada anali atagona chafufumimba pamkeka, malaya atavula, akudikira ine. Anayankha nkhope ili pansi.

"Dokotala wakeyo ndi mwana, ndevu alibe. Msanawu ndi wanga. Iwe, kwera."

Ine kuponda msana wa adada ndinayamba ndili Sitandade 1. Akaweruka koyendetsa minibasi ya ku Nkhata Bay ankagona pansi, ine n'kukwera, kuyenda kuchoka m'chiuno mpaka m'mapewa, msana kulira kuti thyo thyo, iwo kumangoti yewo chomene. Koma nthawi imeneyo ndinkalemera ngati nkhuku. Pano ndamaliza Folomu 4, ntchito yanga ku Msongwe kuno ndi kudya ndi kudikira zotsatira, ndipo nsapato yanga imodzi mutha kuwolokera nayo mtsinje wa Lunyangwa anthu atatu.

Nkhani inali itavuta. Ulendo wawo womaliza adada anaimika minibasi kasanu kuti awongole msana, mpaka mayi wina wa nsomba anati usipa wake ufika m'tauni utakalamba. Mwini galimoto anawapatsa masabata atatu. Akapanda kuchira, kiyi apita kwa dalaivala wina.

Mankhwala anali atayesa onse. Mafuta opaka a pamsika, aja otentha, fungo lake udzudzu wa m'nyumba mwathu unasamukira ku Kaning'ina. Botolo lakuda la bambo wina wa pa depoti, loti limachiza msana, shuga ndi kusowa banja. Kuchipatala ankayembekeza jakisoni, wamkulu, wopweteka, woti munthu azitsimphina mwaulemu. M'malo mwake anawapatsa timapiritsi ndi pepala la zithunzi: kamunthu kakukwawa, kamunthu kagona chagada katakumbatira mawondo. Anawauzanso kuti zopondana zithe.

"Ulendo wonse uja kuti andipatse katuni?" ankatero adada.

Ndiye tsikulo ndinali pakati, uku amama, uku adada. Ndinaika phazi limodzi basi, ndipo sindinatsamire n'komwe. Adada anakuwa Chitonga chakuya chomwe sindinachimvepo chibadwire, galu wa aneba anathawa mpaka pano sanabwerere bwinobwino.

"Adada, ine ayi. Sindikuponderaninso."

"Ukukana ine?"

"Ndikukana kukhala wamasiye wodzipangira ndekha."

Masiku awiri sanandiyankhule. Akafuna mchere ankauza khoma. Tsiku lachitatu m'mawa, amama atapita kumsika, anandiitana.

"Tseka chitseko. Katani nayenso. Bweretsa katuni ija."

Ndinabweretsa. Anaiyang'ana ngati samoni ya kukhoti.

"Yamba ndiwe. Mkulu wa mpingo sangakwawe yekha."

Basi tinakwawa. Ine patsogolo, adada pambuyo, pabalaza, ngati ng'ombe ziwiri zosochera. Pepala linkati ukweze msana, uutsitse pang'onopang'ono. Adada akakweza ankabuula ngati minibasi pachitunda itanyamula makala. Pokumbatira mawondo anati mawondo awo anawaona komaliza ndisanabadwe, sakudziwana.

"Ukauza munthu, ukagona ku depoti," anandichenjeza.

Sabata yoyamba ankangoti zamasewera, palibe chikusintha, koma m'mawa uliwonse ndi iwo ankandidzutsa. Amama ankadziwa ndithu, chifukwa anayamba kutsokomola kaye asanalowe m'nyumba mwawo momwe. Sabata yachiwiri adada anamanga okha zingwe za nsapato, n'kunena kuti ndi mphamvu ya mafuta otentha aja, angochedwa kugwira. Sindinatsutse. Msana sunapole wonse ayi, akakhala nthawi yaitali umawakumbutsabe, koma Lolemba la sabata yachinayi anavala jekete, anapinda pepala lija n'kuika m'thumba mobisa, ulendo wokatenga kiyi.

Ine chinsinsi ndinasunga, pang'ono. Ndinangolemba pa sitetasi ya pafoni kuti: "Adada abwerera pamsewu. Dokotala ndine, osandifunsa njira yake, ndinalumbira."

Pasanathe ola, mnzanga amene amagulitsa mayunitsi pa depoti anayankha:

"Walumbira za chani ase? Mdala wako ali pano, minibasi isanadzadze watsika, wagwira chitseko, akupinda msana uku akuwerenga mpaka teni. Makondakitala anayi akumutsanzira, ndipo akuwakalipira kuti akulakwitsa."