Chipanda Chomwe Keziah Anatsuka

Keziah anatsika basi pa Nyimba maso ali pansi. Ku yunivesite ku Lusaka anamuuza kuti yisiti wa kafukufuku wake akafanso, maphunziro ake athera pomwepo.

Mwana wamasiyeyu anakula akugulitsa nthochi m'mawindo a mabasi. Giredi 12 analemba kawiri. Ndiye anzake a pamsewu atamva kuti wabwera, sanamusiye. "Sukulu yonse ija ni ya yisiti wa vitumbuwa?"

Ntchito yake sinali ya vitumbuwa. Pali mankhwala ena omwe amakhala mitundu iwiri yofanana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere: wina umachiza, winawo ungapweteke. Keziah anasintha chibadwa cha yisiti kuti azipanga mtundu wochiza wokhawo. Ankapangadi, koma mankhwalawo akachuluka m'botolo ankapha yisitiyo. Iye ankataya zonse, n'kuyambanso ndi watsopano.

Kukhala manja lende kunamukanika. Anatenga chipanda cha thobwa cha azakhali ake, a Jennipher, omwe anamulera, n'kuchikwecha ndi sopo mpaka kuyera mbee. Thobwa lotsatira silinasase. Linangokhala phala lozizira.

"Mwana iwe, waniphela chipanda!" anakalipa a Jennipher. "Twakale tokhalila mkati ndiye tumautsa thobwa. Lelo nizayambila pati?"

Keziah anachita manyazi, kenaka mtima unamupweteka. Anakumbukira mabotolo onse omwe anakhuthula. Pansi pake pankatsala tiyisiti tochepa tomwe tapirira mankhwala aja, ndipo n'tomwe iye ankataya poyamba.

Atabwerera ku Lusaka anasiya kutaya. Totsalato ankatisamutsira m'botolo lina, topirira mmenemo n'kutisamutsanso. Miyezi inapita popanda chooneka, mpaka mphunzitsi wake, a Chimuka, anayamba kumulankhula mwachisoni ngati wodwala.

Tsiku lina masana Keziah anaitana a Chimuka. Botolo linali lodzaza mankhwala a mtundu wochiza uja, yisiti ali moyo, akuchita thovu.

"Mbewu iyi mwaitenga kuti?" anafunsa a Chimuka.

"Ni ija inali kufa, bambo. Siinafe yonse."

Keziah anamaliza maphunziro ake, ndipo yisitiyo akugwira naye ntchito mpaka pano.

Inu amene mwalephera, musathamangire kukwecha zonse. Yang'anani kaye pansi pa zomwe zakanikazo, chilipo chomwe chapirira. Yambirani pa chimenecho, ndipo mtima wokhawo musautaye.