Makina a Bambo ndi Mayi Busa

Bambo atalumikiza kompyuta yakale ku TV kunyumba kwathu ku Bontleng, kudziko la eni, anakoperamo makanema onse a m'mafoni mwathu osatifunsa. Loweruka anaitana Amalawi anzathu akutchalitchi kudzaonera kanema wa ukwati wa msuweni wanga. Ukwatiwo utatha, makina anangopitiriza okha. Pa TV ndinatulukira ine, nditavala duku la amayi, ndikutengera kayimbidwe ka mayi busa, mawu akunjenjemera ngati mbuzi. Eni akewo anali pa sofa pomwepo.

Bambo anasakasaka rimoti, osadziwa kuti aikhalira. Ine ndinkangoyang'ana pansi, kudikira kukalipiridwa pagulu.

"Tabwezani pang'ono, bambo," anatero mayi busa. "Mwanayu kutchalitchi amangonong'ona, chonsecho mawu ali nawo. Iwe, mawa uyimba kutsogolo ndi ine."

Bola akanangondikalipira.