Mphira Yamabowo

Kumapiri a kumtunda kwa tauni ya Pala kuno, tikafuna kuyamikira dzanja la munthu timati, "Uyu amacheka ngati a Devasia." A Devasia anayamba kukama mitengo ya mphira ndevu zisanamere, ndipo ndevuzo zinachita kuyera mbuu mpeni udakali m'manja. Mpeni wawo unkangosenda kakhungwa kopyapyala ngati ka anyezi, osakhudza thupi la mtengo. Pitani mukaone mitengo imene achinyamata a masiku ano amacheka: zipsera ndi zotupa zokhazokha, ngati yamenyedwa ndi anthu oledzera. Ya a Devasia inali yosalala, ndipo mkaka wake unkatsetsereka mwaulemu mpaka kugwera m'chigoba cha kokonati.

Mkakawo akauumitsa m'mbale, nkuupsinja pa makina, nkuufukiza ndi utsi, pankatuluka zikopa za mphira zimene ogula ankalimbirana. A Devasia ankanyamula chikopa chilichonse nkuchiyang'ana kudzuwa. Chabwino chimakhala cholimba, chooneka ngati uchi, chopanda thovu. Kathovu kakangopezeka m'kati, wogula amachiponya pa mulu wa zotsika mtengo, ndipo mwini wake amabwerera kwawo nkhope ili pansi. Zimenezi a Devasia sizinawachitikirepo. Thovu ankadana nalo kuposa njoka.

Koma munthu amene wagwira mphira moyo wake wonse anali asanagonepo pa mphira. Iwo ndi akazi awo, a Rosakutty, ankagona pa bedi la matabwa, pamwamba pake mkeka ndi kachofunda ka thonje kamene kanaphwatalala kalekale. Chiuno cha a Rosakutty chitayamba kuvuta, matabwawo anasanduka adani. Mayi anasamukira pa mpando wotsamira wa pakhonde, nkumawodzera pomwepo miyendo ili lende, mpaka mapazi anayamba kutupa.

Mwana wawo Jincy, namwino wa mumzinda wa Kochi, atabwera kudzacheza anadina phazi la amayi ake ndi chala, chala nkusiya dzenje. Jincy sazungulira polankhula. Atate ake amawaitana kuti Appacha, amayi ake Ammachi, monga timaitanira makolo kwathu kuno.

"Appacha, izi sindingazionerere. Pofika Pasaka, ngati Ammachi akhale akugonabe pa mpandowu, ndidzawatenga. Kwathu kuli bedi la odwala."

"Nanga ine?" anafunsa a Devasia.

"Inunso tiyeni."

"Mitengo uikanso m'galimotomo?"

Onse anaseka, koma a Devasia kuseka kwawo kunathera pa mano. Iwo ankadziwa kuti m'nyumba yosanja ya ku Kochi sangathemo sabata. Ankadziwanso kuti nyumba ino popanda a Rosakutty, popanda mawu awo olalatira nkhuku ndi kuwanena iwo kuti khofi wazizira, singakhale nyumba. Mantha anawagwira, mantha enieni, ngakhale sanauze munthu.

Jincy asanapite anawauza za mayi wina wa ku tauni ya Erattupetta, dzina lake Subaida, amene amasoka matiresi motsatira thupi la munthu. Pansi amaika masipuling'i, lililonse m'kathumba kake, pamwamba nkusanjikiza zigawo za mphira yochokera ku mitengo yosapoperedwa mankhwala. Zonse zimalowa m'thumba la thonje la zipi, ndipo mbali ya mwamuna ikhoza kusiyana ndi ya mkazi. Jincy anati apite onse awiri.

A Devasia anapita okha. Anati msewu ndi woipa, uwapweteka mayi, zimene zinali zoona. Koma chifukwa chachikulu chinali china: pa nkhani ya mphira, ndani angawaphunzitse?

Subaida anali mayi wamfupi, wamaso akuthwa, tepi yoyezera ili m'khosi. Anawapatsa mpando nkuyala zigawo zitatu patsogolo pawo. A Devasia anayamba ndi chofewa. Anachifinya, chinangomira. Anachinyamula nkupita nacho pakhomo, kudzuwa, monga anazolowera. Zimene anaona zinawaimitsa mutu: thovu lokhalokha, ndiponso mabowo ondondozana kuyambira uku mpaka uko.

"Mwanawe, anakugulitsa ichi ndani? Akubera."

"Ayi, Appacha, thovulo amachita kulipanga dala. Amapuntha mkaka ngati mazira. Mabowowo ndi olowera mpweya."

"Dala?" A Devasia anaseka momumvera chisoni. "Ine zaka zonsezi ndakhala ndikuthamangitsa thovu, inu mukuchita kuliitana?"

"Agonepo ndi ndani? Inu?"

"Mayi a kunyumba. Chiuno."

"Ndiye abwere adzagonepo, ndione mmene chiunocho chikukhalira."

"Mkazi wanga adzagone chagada m'sitolo, amuna akudutsa pamsewu? Iwe, sumudziwa Rosakutty."

Anasankha cholimba kupambana zonse, chimene thovu lake linali laling'ono losaoneka bwino, nkulamula kuti chiikidwe chokhachokha, mbali zonse ziwiri, kuyambira pa masipuling'i mpaka pamwamba. Musawaseke kwambiri. Munthuyu ankafuna kupatsa mkazi wake chinthu chabwino koposa, ndipo chabwino chimene ankachidziwa chinali chimenecho. Subaida anayesa kuwachonderera, koma a Devasia akauma mutu, ngakhale wansembe amangotseka buku. Pomaliza anangoti, "Chabwino. Koma zipiyi mukuiona? Zikavuta mudzabwere, tidzasintha."

"Sizivuta," anatero a Devasia.

Matiresi anafika pa kagalimoto ka matayala atatu, mudzi wonse ukuonerera. A Rosakutty anakhalapo, nkudinadina ndi dzanja, nkuyang'ana amuna awo amene anaima pakhomo chifuwa chili patsogolo.

"Bwanji?"

"Ndi abwino," anatero mayi.

Masiku anapita. M'bandakucha uliwonse a Devasia akamamanga tochi pamphumi kupita kumitengo, ankawasiya a Rosakutty ali pabedi, maso ali otseka. Kumalo omwera tiyi anayamba kudzitama kuti nkhani ya ku Kochi yatha. Chimene chinkawadabwitsa nchakuti mapazi aja sankaphwa.

Tsiku lina mvula inawapeza atangocheka mitengo yochepa. Mvula ikalowa m'zigoba mkaka umaonongeka, choncho anabwerera kunyumba kukungoyera kumene. Pakhonde anapeza a Rosakutty ali pa mpando uja, atafunda nsalu, mutu uli khoba, akuliza mkonono wa munthu amene sanagone usiku wonse. A Devasia anaima m'mvulamo, chidebe chili m'manja, mpaka mayi anadzidzimuka.

"Iwe, ukutani pamenepa?"

"Ndimaonerera mvula."

"Ndi maso otseka?"

A Rosakutty anakonza nsalu yawo. Ataona kuti bodza lakanika, anangomasuka. "Munthu inu, mphira yanu yabwinoyo, imene ogula amalimbirana ija, amapita nayo kuti?"

"Ku fakitale."

"Kukapangira chiyani?"

"Matayala a malole."

"Ndiye ine ndine lole?"

A Devasia anasowa poyang'ana. "Bwanji sunanene?"

"Ndikananena bwanji, mmene munaimira pakhomo paja ngati mwagula njovu? Ndinati bola ndipirire, mwina thupi lizolowera." Kenako anati motsitsa mawu, "Ku Kochi sindikufunako ine. Koma ululuwu wandikwana."

Mawu amenewa anawabaya a Devasia kuposa chipongwe cha lole chija. Manyazi anawagwira, ndipo chisoni chinaposa manyaziwo. Sanadye nkomwe chinangwa chimene chinali pamoto. Anasintha malaya, natenga ambulera, ulendo wa ku Erattupetta.

Subaida atawaona akulowa, atanyowa mpaka m'mawondo, sanafunse zambiri.

"Appacha, mwabwera kudzaona thovu lathu?"

"Ndipatse chamabowo chija. Ndipo usaseke."

"Sindikuseka."

"Maso akowo akuseka."

Subaida anawapatsa zigawo za mbali imodzi, chofewa ndi chapakatikati, nkuwauza choyenera kuyang'ana: mayi akagona chammbali, msana uwongoke, chiuno ndi phewa zimire pang'ono koma zisafike pa cholimba. "Musawafunse ngati zili bwino," anawonjeza. "Amayi athuwa amavomera chilichonse. Muziyang'ana nkhope."

Apa ndi pamene ine ndimawavulira chipewa a Devasia. Amuna ambiri a msinkhu wawo akalakwa amakwiyira amene wawaonetsa cholakwacho. Iwo anangotenga kuleza mtima konse kumene ankachekera mitengo nkupita nako kuchipinda. Masana alionse, akatha kudya mpunga, ankatsegula zipi mbali ya a Rosakutty, nkusanja zigawo mwatsopano, nkuwagoneka mayi pang'onopang'ono. Kenako ankagwada pambali pa bedi, diso limodzi lotsinzina, kuyang'ana msana monga amayang'anira mzere wa mpeni pa khungwa. Ankalowetsa dzanja pansi pa chiuno kuti amve ngati pali mpata.

"Mukundiyeza ngati mukufuna kundigulitsa," ankatero a Rosakutty.

"Angakugule ndani, ndi pakamwa pakopo? Khala chete, ukukhotetsa mzere."

Chofewa pamwamba pa cholimba, chiuno chinkagunda. Zofewa ziwiri, mayi ankamira nkumalephera kudzuka. A Devasia anabwerera kwa Subaida kangapo, chigawo chopindidwa chili pamutu potsika basi, ndipo anzawo a kumalo omwera tiyi anapeza nkhani.

"Devasia, ukusamutsa sitolo ya mayi uja pang'onopang'ono?"

"Si uja unkati thovu ndi tchimo?"

"Likadali tchimo," ankayankha osaima. "Koma si inu mukugonapo."

Mbali yawo sanaikhudze. Inakhalabe yolimba gwa, ndipo ankati amagonapo bwino, ngakhale ena timakayika.

Loweruka la Pasaka lisanafike, a Devasia anayesa chapakatikati pansi, chofewa pamwamba, nkuwonjezera kena kopyapyala kamene Subaida anachita kuwadulira. A Rosakutty anagona chammbali akudandaula za mbuzi ya aneba imene inadya masamba a nthochi. Nkhaniyo sanaimalize. Makwinya a pamphumi, amene anakhalapo miyezi yonseyi, anafafanizika amuna awo akuona. A Devasia anakhalabe chogwada, kuopa kuti bondo likalira liwadzutsa.

Jincy anafika Lowerukalo masana, ndi galimoto ndi sutikesi yaikulu yopanda kanthu yoti alongezeremo zovala za amayi ake. Anapeza mpando wa pakhonde uli wokha, pamwamba pake atayanikapo tsabola. Atate ake anakhala pakhomo la chipinda, ndipo anamukwezera dzanja asanatsegule pakamwa.

"Vula nsapato. Zikusokosa."

Jincy anasuzumira. Amayi ake anali m'tulo tofa nato, dzanja lili pansi pa tsaya, miyendo itawongoka. Analowa monyang'ama, nadina phazi ndi chala. Dzenje linali laling'ono, ndipo linabwerera msanga. Anadinanso matiresi mbali zonse ziwiri, nkutuluka.

"Akhala akugona chonchi?"

"Kuyambira Lachiwiri. Khofi ndikudzipangira ndekha. Nkhuku nazo zasowa wozilalatira."

"Mwaikamo chiyani m'katimo, Appacha?"

A Devasia anayang'ana kumitengo kwawo, nagwedeza mutu ngati munthu amene akuulula zochititsa manyazi. "Mphira yachabechabe, mwana wanga. Thovu ndi mabowo okhaokha. Nditapita nayo kwa wogula akhoza kundithamangitsa."

Kenako anafunsa chimene chinawasowetsa mtendere masiku onsewa. "Ndiye uwatengabe?"

Jincy anayang'ana manja a atate ake, akuda ndi utomoni, amene anali atagwirana pa mawondo ngati a mwana wodikira chilango. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wake.

"Ndiwatenge bwanji munthu ali m'tulo?"

Lolemba galimoto inatsika phiri mpando wakumbuyo uli wopanda munthu, sutikesi ija itadzaza nthochi, chinangwa ndi tsabola. A Devasia anaiperekeza ndi maso mpaka inakhota. Ali chiimire pamenepo, m'nyumba munamveka mawu.

"Munthu inu, khofi mwapanga uyu ndi womwa anthu kapena wotsukira chidebe?"

A Devasia anamwetulira okha, nalowa m'nyumba kukalalatiridwa.