Nyimbo za pansi pa mtengo wa mango

Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, ku mishoni ya ku Msumba, ndipo ndimalemba bwino kuposa ambiri amene anapitirira. Choncho pamene kunabwera mphunzitsi wamkazi wochokera ku Metangula, nati akufuna kusonkhanitsa ana aang'ono osafika msinkhu wa sukulu, sindinatsutse. Kasukulu ka ana otereka ankakatcha eskolinya. Kanalibe nyumba, kanali pansi pa mtengo wa mango.

Anthu anagawikana. Akuluakulu ankati mwana amene mano a mkaka sanaguluke malo ake ndi pambali pa amake. Alamu anga a ku Likoma, atabwera kudzaona mlongo wawo, anatiseka.

"Alamu, kwathu ku Malawi azimayi a mpingo anayamba kale zimenezi. Inu mukudikira kuti ana amere ndevu?"

Asodzi ofika ku Tanzania ankanenanso zomwezo. Ndinatumiza mwana wanga wamkazi, wa zaka zinayi. Anagwira msanga. Ankawerenga usipa pathandala m'Chipwitikizi, um, dois, três. Ankaimbanso nyimbo zotamanda boma, atakweza kachibakera m'mwamba. Sankadziwa tanthauzo lake. Ankaimba posamba, pakudya, ngakhale kuchimbudzi.

Kenaka nkhondo inatsika kuchokera kumapiri. Anthu othawa ku Maniamba anatiuza kuti anyamata a m'tchire akafika pamudzi safunsa akulu, chifukwa akulu amanama. Amafunsa ana. Mwana akaimba nyimbo ya boma, ndiye kuti nyumba yake ndi ya boma. Zimene zinkatsatira sindilemba.

Mphunzitsi anakwera boti n'kubwerera ku Metangula. Nyimbo anatisiyira.

Ndinamuletsa mwana kuimba. Ndinamuopseza, ndinamukwapula ndi kamtengo, amake anamunyengerera ndi nzimbe. Ankavomera, koma pakapita kanthawi n'kuyambiranso osadziwa. Chimene chalowa m'mutu wa mwana wa msinkhu umenewo sichituluka. Ndinkati ndikakhala panyanja, mphepo ikabweretsa mawu a ana kuchokera kumtunda, ndinkasiya ukonde n'kutchera khutu kuti ndimve ngati ndi wanga.

Anyamata a m'tchire aja anafika m'mawa, dzuwa litakwera kale, tikuyanika usipa. Panalibe kothawira: kutsogolo mfuti, kumbuyo madzi. Anatikhazika pamchenga. Ena analowa m'nyumba kufuna mchere ndi zovala. Mmodzi, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, wa nsapato zosiyana, ananjuta pamaso pa mwana wanga.

"Iwe kamtsikana, kusukulu mumaimba zotani? Tandiimbira."

Mwana anandiyang'ana. Kenaka anayang'ana mfuti. Ndinaona milomo yake ikusuntha, monga ankachitira akafuna kuyamba. Ndinali pafupi, koma kutambasula dzanja kuti ndimutseke pakamwa kukanakhala kudziulula ndekha.

Amene analankhula ndi amake.

"Bambo, kameneka sukulu? Muyeseni khutu muone."

M'midzi yonse ya kuno mwana ankalembedwa sukulu pokhapokha akadutsitsa dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Mnyamatayo ankaudziwa mwambowo. Anagwira kadzanja ka mwana wanga n'kukakoka pamwamba pa mutu. Zala zinalekezera patali. Anakokanso mwamphamvu mpaka mwana analira.

Anaseka n'kuitana mnzake.

"Taona, sikafika n'komwe! Madala, kameneka kadakayamwa eti?"

"Kangoleka kumene," ndinatero.

"Ndiye ndani ali wa sukulu pano?"

"Anapita kutauni ndi mphunzitsi wawo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kumene anakulira kunalibe eskolinya, ndipo sizinamubwerere m'mutu kuti kamwana kotere kangakhale kataphunzira kanthu. Anamusiya. Ananyamula usipa wathu wonse, nkhuku, ndi anyamata ena a m'mudzimo kuti awasenzere katundu. Mmodzi mwa anyamatawo sanabwerere.

Akali kukwera chitunda, mwana anasiya kulira n'kuyamba kung'ung'udza pansipansi nyimbo yomweyo kuti adzitonthoze. Amake anamukanikiza nkhope pachifuwa, mwamphamvu moti ndinaopa kuti abanika. Anamugwira choncho mpaka anthuwo atabisika m'mitengo.

Sabata yomweyo ndinapalasa bwato kulowera kumpoto, motsatira gombe, mpaka tinaolokera ku Likoma. Ulendo wonse mwana anagona pansi pa bwato atafundidwa chitenje, amake dzanja lili pafupi ndi kamwa lake.

Kumeneko mayi wina wa mpingo anabwera kudzapempha kuti mwana azipita kukasewera ndi anzake, aphunzire zilembo. Alamu anati ndilole, kuno kulibe nkhondo. M'mawa mwake ndinapita ndekha, ndinakhala pamwala kumbuyo kwa anawo, ndinamvetsera nyimbo iliyonse kufikira ataweruka. Zinali za zilembo, za mvula, za kusamba m'manja.

"Mwamva nokha, bambo," anatero mayiyo. "Muli choipa?"

"Mulibe. Koma mukafuna kuonjezera ina, muyambe mwandiimbira ine."

Anaseka, poganiza kuti ndikucheza. Ataona nkhope yanga anasiya, n'kuvomera. Ndinamusiya mwana m'manja mwa alamu ndi amake, ine ndinabwerera ku Msumba kukaona ngati nyumba idakalipo.