Kampira ka achimwene mumchenga

Achimwene anga anagwira ntchito zaka zambiri pabwalo la gofu mumzinda, kunyamulira anthu ndodo, ndipo nawonso ankasewera bwino. Atadwala sitiroko tinakawatenga, n'kubwera nawo kwathu ku Golomoti mkono wamanzere utafa. M'chikwama mwawo munali ndodo imodzi ndi timipira toyera.

M'mawa wina anandipempha kuti ndiwaperekeze kudimba lathu, limene madzi osefukira analikwirira ndi mchenga. Anaponya kampira pansi n'kukaponda mpaka kanatitimira.

"Kakagona moipa chonchi, chemwali, sulimbana nako," anatero. "Umatalikitsa mapazi, kuwazika pansi, ndodo kugwirira m'munsi. Umamenya mchenga, osati mpira."

Anagwira ndodoyo ndi dzanja lamanja lokha. Ulendo woyamba inadutsa pamwamba. Anasendera, kupinda maondo, n'kuyesanso. Mchenga unawazikira pachitenje changa koma kampira sikanasunthe. Atamenya ndi mphamvu zonse, mwendo wamanzere, umene nawonso unafooka ndi sitiroko, unagonja, iwo n'kugwa chammbali.

Ndinathamanga kuti ndiwadzutse koma anakana. Anakhala pomwepo nthawi yaitali akupumira m'mwamba, mchenga uli m'tsitsi.

"Mutuwu ukudziwa zonse," anatero. "Thupili ndiye silikumva."

"Tidzayesanso mawa, achimwene."

Pobwerera ananditsamira paphewa, ndipo m'pamene ndinazindikira mmene anawondera. Mawa lake nditawakumbutsa, anangoti kwatentha kale. Sitinapitenso.

Masiku ano amangokhala pakhonde kuyang'ana maminibasi akudutsa pamsewu. Ndikatchula za gofu, amandifunsa ngati mbuzi zamwa madzi.